Thukuta la Wantchito wa M'munda ndi Malamulo a Dziko Lathu



Tikamakamba za ulamuliro wabwino, ambiri a ife timayang'ana ku Nyumba ya Malamulo ndi kwa nduna za boma. Lero tikufuna kuti tiyang'ane kufupi: pachigafa cha fodya, m'mizere ya tiyi ndi m'minda ya nzimbe, kumene munthu wina amalamula ndipo wina amagwira khasu. Kumeneko ndi kumene mmphawi amadziwira ngati malamulo a dziko lino ali ndi mphamvu kapena ndi zolembedwa chabe. Mawu athu akupita kwa eni maesiteti, komanso kwa aliyense wa ife amene amalemba anzake ntchito ya m'munda, ngakhale atakhala anthu awiri kapena atatu okha.

1. Kumene tachokera

Makolo athu anaidziwa thangata. M'nthawi ya atsamunda, banja lokhala pa esiteti ya mzungu linkalipira malo ndi thukuta lake, ndipo nkhanza za m'minda ya ku Magomero zinali zina mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira m'chaka cha 1915. Dziko litalandira ufulu, goli lija linabweranso ndi dzina lina: utenanti. Mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, kumene malo ndi ochepa, ankatengedwa pa malole kupita ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi. Mwini munda ankawapatsa phoso, feteleza ndi zipangizo pa ngongole. Fodya akasokedwa ndi kuuma, mwini munda yemweyo ndiye ankanena mtengo wake, n'kuchotsera ngongole monga analembera m'buku limene tenanti sanalionepo. Mabanja ambiri ankatsiriza chaka ali chimanjamanja, ena opanda ngakhale ndalama yokwerera basi kubwerera kwawo. Ndipo popeza mgwirizano unali wa bambo yekha pamene ntchito inali yoposa mphamvu za munthu mmodzi, mayi ndi ana ankagwira nawo osalipidwa.

Zimenezi zinatichititsa manyazi pamaso pa mayiko ena. M'chaka cha 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ntchito ya ana. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zolembana ntchito, ndipo utenanti unathetsedwa. Tikuyamika sitepe imeneyi. Koma kuthetsa dzina n'kosavuta. Chovuta ndi kuthetsa mchitidwe. Ngati munthu akudikirabe mpaka mabelo agulitsidwe ku Kanengo kapena ku Chinkhoma kuti aone ndalama yake yoyamba, ndiye kuti utenanti wangovala malaya ena.

2. Zimene malamulo akunena

Gawo 31 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka, wolandira malipiro oyenera, ndiponso wolowa m'bungwe la antchito. Gawo 27 limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane, ndipo silisiyanitsa kalaliki wa mu ofesi ndi wothyola tiyi. Tikukumbutsa mfundo izi:

(a) Wolemba anthu asanu kapena kuposerapo ayenera kupatsa wantchito aliyense chikalata chosonyeza ntchito yake, malipiro ake ndi maola ake. Ife tikulangiza kuti ngakhale wolemba munthu mmodzi achite chimodzimodzi, pamaso pa mboni, pakuti mgwirizano wa pakamwa umaiwalika nthawi yokolola.

(b) Malipiro asachepere pa mlingo umene nduna ya zantchito imalengeza. Ndi udindo wa wolemba ntchito kufunsa mlingowo ku ofesi ya zantchito. Thumba la chimanga ndi kanyumba kaudzu sizingalowe m'malo mwa malipiro onse.

(c) Maola a ntchito asapyole 48 pa sabata, ndipo pakhale tsiku lopuma. Maola owonjezera ali ndi malipiro ake apamwamba, ngakhale m'nyengo yothyola fodya pamene ntchito imapanikiza.

(d) Wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka. Mayi wobereka ali ndi tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro ake onse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa ali ndi pakati ndi mlandu.

(e) Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana zaka 18 sapatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Fodya wamuwisi wonyowa ndi mame amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amadwala mutu, chizungulire ndi kusanza. Kupopera mankhwala ophera tizilombo nakonso si ntchito ya mwana.

(f) Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la 1997 ndi lamulo la chipukuta misozi cha antchito la 2000 akutiphunzitsa kuti moyo wa wantchito uli m'manja mwa womulemba. Wovulala ndi chikwanje kapena thirakitala sayenera kubwezedwa kumudzi mwakachetechete ngati khasu lothyoka.

3. Kwa inu olemba ntchito

Tikudziwa mavuto anu. Feteleza akukwera mtengo, mvula siipanganika, ndipo ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka pamene malipiro akufunika mwezi ndi mwezi. Ambiri mwa inu si olemera. Ndinu alimi a maekala ochepa amene nanunso muli pa ngongole ya kampani imene munasainirana nayo mgwirizano. Komabe si chilungamo kuti chiopsezo chonse cha ulimi chigwere munthu amene alibe munda, alibe phindu, ali ndi manja ake okha. Mitengo ikakwera ku okushoni phindu limakhala lanu. Ikatsika, musamuuze wantchito kuti chaka chino palibe kanthu. Musanafese nazale, werengerani malipiro a antchito pamodzi ndi mtengo wa feteleza. Ngati ndalama zikukwanira anthu atatu, musalembe asanu ndi mmodzi. Sungani buku la malipiro limene wantchito amasainamo kapena kudindamo chala, ndipo akhale ndi ufulu woliona. Yang'anirani akapitawo anu, makamaka pa mchitidwe woipa wofuna chiwerewere kwa amayi ofuna ntchito.

Ambiri mwa olemba ntchito ndi olembedwa timakhala pa benchi limodzi tsiku la Mulungu. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya 1891 yonena za antchito, anaphunzitsa kuti malipiro sakhala achilungamo chifukwa chabe chakuti wosauka wavomera, pakuti njala imavomeretsa munthu chilichonse. Chopereka chochokera pa malipiro obedwa sichingayeretse chikumbumtima cha wina aliyense.

4. Kwa boma, makampani ndi mafumu

Lamulo lopanda woyendera minda lili ngati galu wopanda mano. Tikupempha boma kuti lipatse maofesi a zantchito m'maboma anthu okwanira, njinga zamoto ndi mafuta, kuti azifika m'minda ya kutali mosayembekezeka. Tikupemphanso kuti milandu ku bwalo loweruza nkhani za ntchito izitha msanga, chifukwa waganyu alibe ndalama yoyendera ulendo kasanu. Makampani ogula fodya, tiyi ndi nzimbe aike mitengo imene ingalole mlimi kulipira antchito ake molingana ndi lamulo. Mafumu athu asalole kuti anthu awo akwezedwe pa malole usiku popanda kudziwa kumene akupita ndi zimene akalandire. Kutenga anthu mwachinyengo kuti akadyeredwe masuku pamutu ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo loletsa kugulitsa anthu la 2015.

5. Kwa inu antchito

Gwirani ntchito mokhulupirika, osaba fodya kapena feteleza wa abwana anu. Koma dziwaninso kuti ufulu wanu si mphatso yochokera kwa abwana. Funsani malipiro musanakwere lole. Lembani masiku amene mwagwira. Mukalakwiridwa, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo pitani pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'miphakati

Kodi m'dera lathu muli mabanja amene akugwirabe ntchito mwa utenanti? Ndi ana angati amene amasowa m'kalasi nyengo ya fodya? Ife amene timalemba aganyu, kodi timawalipira zimene tinapangana ndiponso pa tsiku limene tinapangana?

Mulungu adalitse ntchito za manja anu, ndipo atipatse tonse mtima wokonda chilungamo ndi mtendere.