KUYAMIKA KWA PA MASIKA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa ku Lisasadzi.



Fodya wacoka m'zigafa, mabelo alinkupita ku msika wa ku Chinkhoma. Tsono tifunsane, kuyamika kwathu kuli kuti? Uthenga Wabwino sunafike dzulo m'dziko la Mwase, pakuti Dr George Prentice anatsegula misyoni pa Kasungu m'caka ca 1900. Tidziwa tonse za akhate khumi aja a pa Luka 17: anaciritsidwa onse, koma wobwerera kudzayamika anali mmodzi yekha. Mvula ikacedwa, mbande zikafota pa nazale, tigwada tonse. Ndalama zikafika, obwerera kwa Mwini mvula ali owerengeka.

Kumbukirani njala ya 2002, imene inasautsa Kasungu koopsa, kufikira anthu anadya gaga ndi mizu ya nthoci. Pamenepo tinaphunzira kuti fodya sadyedwa.

Cifukwa cace tinena kuti kuyamika koona kuoneka m'nchito zitatu. Coyamba, tidzaze nkhokwe tisanagulitse cimanga, pakuti kumwaza mphatso ndiko kupeputsa Wopatsayo. Caciwiri, tilipire matenanti ndi aganyu mphotho yao yonse, osaticepetsa, osazengereza. Cacitatu, tipite nazo zamasika ku nyumba ya Mulungu, tikumbukirenso amasiye a m'midzi mwathu. Akulu anati, kupatsa nkuika.

Inu mafumu, yambani ndinu, ndipo anthu adzatsata. Ambuye akhale nanu nonse.