Wojambula Mapulani ndi Mmisiri wa kwa Mphuka

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Limbe kupita ku boma la Thyolo amaona minda ya tiyi yobiriŵira mbali zonse ziŵiri, yosamalidwa bwino, ndi ngalande zake zotsata kapendekedwe ka nthaka. Mvula ikagwa m'minda imeneyi madzi amadziŵa kopita, pakuti adaŵakonzera njira kalekale. Koma kuseri kwa mindayi, m'dera la Mfumu Mphuka, kumene midzi idakwera m'zitunda za phiri la Thyolo, madzi a mvula amadzifunira okha njira, ndipo kaŵirikaŵiri njirayo imadzera pakhomo pa munthu.

Omvera ambiri akukumbukira mwezi wa Malichi m'chaka cha 2023, pamene namondwe wotchedwa Freddy adafika m'chigawo cha kumwera kuchokera ku Mozambique. Mvula idagwa usana ndi usiku osakata. Ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, idaposa mamilimita 1,000 m'masiku anai okha. Pa 13 Malichi, Dr Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, adalengeza kuti maboma a kumwera ali pa ngozi, ndipo Thyolo adali m'gulu la maboma amenewo. Kafukufuku wa boma atatha, zidadziŵika kuti anthu 679 adamwalira, ena 537 adasoŵa, oposa 650,000 adathaŵa m'makomo mwao, ndipo nyumba zoposa 260,000 zidagwa kapena kuwonongeka.

Pa wailesi ndi m'manyuzi padamveka kwambiri za matope ndi miyala zimene zidatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira anthu ku Chilobwe. Nzoona kuti imeneyo idali ngozi yoopsa koposa. Komabe nyumba zambiri za m'midzi sizidakokoloke ndi napolo ai. Zidangogwa mwakachetechete pamalo pomwe zidaima. Chipupa cha zidina, kapena cha njerwa zootcha zomangira dothi, chimapirira mvula ya tsiku limodzi, chifukwa dzuŵa likaŵala chimaumanso. Koma mvula ikamenya chipupa cham'mbali mothamangitsidwa ndi mphepo kwa masiku atatu, pamene pansi napo padzaza madzi, dothi la pakati pa njerwa limasanduka phala, tsinde la chipupa limafeŵa, kenaka chipupa chonse chimakhala pansi ngati munthu wotopa. Denga limatsatira.

Mvula itakata, mwini nyumba amatola njerwa zimene zatsala zamphumphu, nawongola malata ndi mwala, naitana mmisiri yemwe uja adamanga nyumba yoyamba. Nyumba yatsopano imamangidwa pamalo pomwepo, mwa njira yomweyo, kudikira mvula ina. Pamenepa mpamene akatswiri ojambula mapulani a nyumba, maka amene amadzipereka kugwira ntchito popanda malipiro pakagwa ngozi, angathandize kapena kulephera.

Ntchito ya akatswiri otere idatchuka ndi munthu wina wa ku Japan, dzina lake Shigeru Ban. M'chaka cha 1994 iye adaona zithunzi za anthu othaŵa nkhondo ya ku Rwanda akunjenjemera ndi chisanu m'misasa. Anthuwo adaapatsidwa mapepala a pulasitiki ofolerera, koma mitengo yomangira ankadula okha m'nkhalango, mpaka nkhalango zidayamba kutha. Atapatsidwa mizati ya aluminiyamu, ambiri adaigulitsa chifukwa idali ya mtengo wapatali, nabwereranso kukadula mitengo. Ban adapita ku bungwe la United Nations loona za othaŵa kwao ndi maganizo akuti mizati ipangidwe ndi mipope ya mapepala olimba, imene ili yotsika mtengo ndipo palibe angaigule. Chaka chotsatira, chivomezi chitagwetsa mzinda wa Kobe ndi kupha anthu oposa 6,000, iye pamodzi ndi ophunzira ake adamanga tinyumba ta mipope yomweyo, maziko ake ali makireti a moŵa odzaza ndi matumba a mchenga. M'chaka chomwecho cha 1995 adayambitsa gulu lotchedwa Voluntary Architects' Network. Pamene chivomezi chidagwedeza Nepal m'chaka cha 2015, Ban sadaumirire mapepala ake. Adaona kuti paliponse pali milu ya njerwa zogumuka, tsono adakonza mafelemu a matabwa oti anthu aziimika msanga, kufolera, kenaka nkumadzaza njerwa zakalezo pakati pang'onopang'ono.

Wina ndi mai Yasmeen Lari a ku Pakistan, mkazi woyamba m'dziko lao kukhala katswiri wa mapulani a nyumba. Mai ameneŵa adatha zaka zambiri akujambula nyumba zazitali za makampani mu mzinda wa Karachi, napuma pa ntchito m'chaka cha 2000. Chivomezi cha 2005 ndi madzi osefukira a 2010 ndi 2022 zidaŵatembenuzira ku midzi. Iwo sadatenge simenti kapena zitsulo. Adatenga dothi, laimu ndi nsungwi, nakweza nyumba ndi mbaula zomwe pa chiunda kuti madzi asafike, ndipo chachikulu, adaphunzitsa eni midzi, makamaka amai, kuti azimanga okha ndi kuphunzitsanso anzao a midzi ina. Nyumba zomangidwa mwa njira imeneyi zidafika zikwi makumi angapo, ndipo m'chaka cha 2023 bungwe la akatswiri a mapulani la ku Britain lidaŵapatsa mendulo yake ya golide.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthu aŵiriŵa akuchitira umboni mau amenewo. Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Bungwe lina la ku America, Architecture for Humanity, limene lidayamba m'chaka cha 1999 nkugwira ntchito m'maiko ambiri ogwedwa ngozi, lidatseka maofesi ake m'chaka cha 2015 ndalama zitatha. Katswiri wodzipereka amabwera ndi mtima wabwino, koma ali ndi kwao, ndipo tsiku lobwerera limafika. Chotero muyeso wa ntchito yake suli pa kukongola kwa nyumba imodzi yachitsanzo imene alendo amaijambula zithunzi. Uli pa zimene zatsalira m'manja mwa mmisiri wa m'mudzi galimoto litapita.

Kuno ku Malaŵi phunziro limeneli lidaoneka bwino ku Karonga. M'mwezi wa Disembala 2009 zivomezi zingapo zidagwedeza bomalo motsatizana, ndipo nyumba zikwizikwi zidang'aluka kapena kugwa. Akatswiri atayendera mabwinja adapeza kuti zolakwa zidali zofanana nyumba ndi nyumba: maziko osazama, zipupa zopyapyala, ngodya zosalumikizana bwino, mazenera aakulu oyandikana ndi ngodya, ndi denga longosanjikidwa pamwamba. M'malo mojambulira banja lililonse pulani yakeyake, unduna woona za malo ndi nyumba, mothandizana ndi UN-Habitat, Malawi Red Cross Society, bungwe la mainjiniya a m'dziko muno, TEVETA ndi CCODE, udatulutsa m'chaka cha 2010 buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, lokhala ndi zithunzi, ndipo amisiri a m'midzi adaphunzitsidwa pogwiritsa ntchito bukulo. Malangizowo adakonzedwanso pambuyo pake kuti akhudze madzi osefukira ndi mphepo.

Zimene katswiri angauze mmisiri wa kwa Mphuka sizachilendo, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuluka. Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, ndipo amangidwe ndi miyala, imene m'phiri siisoŵa. Nyumba ikwezedwe pa chiunda kuti madzi oyenda pabwalo asanyambite chipupa. Pakati pa maziko ndi chipupa payalidwe pepala la pulasitiki lakuda loletsa chinyontho kukwera. Ngati thumba la simenti lili limodzi lokha, lisathere pa kukongoletsa kumaso kwa nyumba. Lipite ku mizere yoyamba ya njerwa ndi ku chipupa chimene chimayang'ana kumene mvula imachokera. Njerwa za pa ngodya zilumane. Pamwamba pa zitseko ndi mazenera pazungulire lamba womanga zipupa zonse pamodzi, wa konkire ngati zatheka, kapena wa matabwa. Mitanda ya denga imangiriridwe ku chipupa ndi waya, osati kutsendereza malata ndi miyala.

Koma langizo loposa onse ndi limene agogo ankalidziŵa popanda buku, ndilo khonde. Nyumba yakale ya m'mudzi idali ndi denga lotsika lotuluka kunja mbali zonse, ndi khonde lokwera lozungulira nyumba, kotero kuti mvula inkagwera patali ndi chipupa. Malata atafika, anthu adayamba kuŵerenga mtengo wa lata lililonse, ndipo denga lidafupika mpaka kulekeza pa chipupa penipeni. Ena adatengera nyumba za m'tauni zobisa denga kuseri kwa chipupa, poyesa kuti ndicho chitukuko. Nyumba ya m'tauniyo idamangidwa ndi simenti. Ya kumudzi idatengera maonekedwe okha, dothi lili lomwe lija. Nzomvetsa chisoni pang'ono kuti pafunike munthu wa digiri kuti akumbutse mudzi za khonde, komabe mau akachokera kwa mlendo wonyamula mapepala amamveka msanga kuposa a nkhalamba ya pakhomo.

Pali vuto lina lokhudza njerwa. Njerwa yootcha imapirira madzi kuposa chidina, koma uvuni umadya nkhuni zambiri, ndipo nkhalango ya phiri la Thyolo idatha kale ndi nkhwangwa ndi khasu, kupatula kachigawo kamene kadatsala mbali ya esiteti ya Satemwa. Mtengo uliwonse wodulidwa pa chitunda kuti uotche njerwa ukumasula nthaka imene idzatsikira pa nyumba yomweyo. M'chaka cha 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, ndipo lidalimbikitsa njerwa za simenti ndi za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pa makina a manja. Makina oterewo banja limodzi silingagule, koma mudzi, mpingo kapena kalabu ingathe kukhala nawo amodzi. Apa katswiri ali ndi ntchito yeniyeni: kuyesa dothi la pamalopo, kunena muyeso wa simenti woyenera, ndi kukhala pa makinawo pamodzi ndi anyamata mpaka njerwa zitayamba kutuluka zofanana.

Zonsezi zili bwino, koma tsamba loyamba la malangizo alionse a kamangidwe limanena za malo: osamanga pa chitunda chotsetsereka kwambiri, osamanga m'khwaŵa, osamanga m'munsi mwa nthaka yong'aluka. Langizo limeneli nlosavuta kulemba, koma kwa Mphuka nlovuta kulitsata. Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malaŵi. Malo ambiri athyathyathya ndi achonde adatengedwa ndi maesiteti m'nthaŵi ya atsamunda, ndipo makolo a anthu ambiri a kumeneko, Alomwe ochokera ku Mozambique, adafika kudzagwira thangata pa malo a eni. Zidzukulu zao zidachuluka, minda idagaŵidwa mpaka kutsala timizere, ndipo wosoŵa pomanga adakwera phiri. Munthu amene wamanga pa chitunda sadatero chifukwa cha umbuli. Amadziŵa bwino lomwe kumene madzi amadzera. Alibe kwina.

Boma lidayesapo kuchepetsa vutoli. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulogalamu ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, idapezera malo mabanja oposa 15,000, ena a iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'maboma monga Mangochi ndi Machinga. Ena adakhazikika, ena adabwerera, pakuti kusamuka nkusiya manda a makolo, abale, ndi ntchito ya m'tiyi imene, ngakhale malipiro ake ngochepa, imabweretsa ndalama pa nthaŵi yodziŵika. Freddy atapita, nkhani yosamutsa anthu m'malo angozi idabukanso, ndipo lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 lidaloŵa m'malo mwa la 1991, lija lidakhazikitsidwa napolo wa ku Phalombe atapha anthu mazanamazana. Atsogoleri opuma Dr Bakili Muluzi ndi Dr Joyce Banda adatsogolera ntchito ya Tigwirane Manja yomangira nyumba ena mwa ovutikawo. Nyumba zimenezo zidapulumutsa mabanja amene adazilandira, koma poyerekeza ndi 260,000 zija, zambiri zidamangidwanso ndi eni ake, ndi ndalama za ganyu ndi za tiyi.

Nchifukwa chake katswiri wofika kwa Mphuka ayenera kusiya pepala lake m'chikwama tsiku loyamba, ayende ndi nyakwaŵa ndi amai a pamudzi, amene m'dera lotsata mbumba ya kuchikazi ngati limeneli ndiwo eni malo. Iwo ndiwo angamuwonetse pamene padatumphuka kasupe m'chaka cha 2015, pamene nthaka idang'aluka nthaŵi ya Idai m'chaka cha 2019, ndi pamene madzi a Freddy adadzera. Pa malo ochepa omwewo pamakhala mbali yabwinoko ndi mbali yoipa, ndipo kusuntha nyumba mapazi makumi aŵiri okha kungasiyanitse maliro ndi moyo. Kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi, koma mogwirizana ndi wa kumunsi, kuti wina asapulumuke pomiza mnzake. Pamene adula chitunda kuti apeze bwalo, asasiye chiphompho choongoka kuseri kwa chipinda chogona ana; achipendeketse, achitchinge ndi miyala yosiya mipata yotulukira madzi, nabzala vetiva ndi nsungwi. Luso limeneli lilipo kale m'bomalo. Amuna amene amakumba ndi kukonza ngalande za m'minda ya tiyi amagona m'midzi yomweyi, ndipo madzulo aliwonse amabwerera kwao ndi nzeru imene palibe adaŵapemphapo kuti aigwiritse ntchito pakhomo.

Nyengo yomanga m'midzi ndi ya chilimwe, kuyambira anthu atakolola mpaka mitambo ya Novembala itayamba kusonkhana. Ndiyo miyezi imene zikombole zili pa ntchito, mauvuni akufuka, ndipo mmisiri akuyenda ndi chingwe chake kuchoka pakhomo lina kupita pa lina. Thandizo lochokera kunja limakonda kufika m'Malichi ndi m'Epulo, zithunzi za ngozi zikadali m'manyuzi, pamene anthu ali m'misasa ya m'masukulu ndipo dothi nlonyoŵa kosati nkuumba nalo njerwa. Pofika Ogasiti, pamene maziko akukumbidwa, alendo ambiri amakhala atapita.