Nyumba za Boma ku America: Zimangidwire Yani?



Nthawi imene mwandipatsa njocepa, cotero ndilowe msanga m'nkhani. Ndifuna kukuuzani za mkangano umene wakhala m'dziko la America zaka zoposa 80, ndipo kufikira lero sunathe. Boma lalikulu la ku Washington limapatula ndarama caka ndi caka zothandiza anthu kupeza pokhala. Koma ndaramazo sizikwanira, pakuti mwa mabanja anai oyenera kuthandizidwa, limodzi lokha ndilo lilandira. Tsono thandizolo lipite kwa yani? Kwa osaukitsitsa kodi, kapena kwa anchito amene malipiro ao alipo koma safikira pa mtengo wa nyumba?

Muyambe mwamva muyeso wao. Monga ife timaimika ana pamzere kuyambira wamfupi kufikira wamtali, iwonso amaika mabanja onse a dera limodzi pamzere monga mwa ndarama zimene apeza pa caka. Banja loima pakati peni-peni ndilo muyeso. Lopeza magawo 80 mwa 100 a muyesowo liyesedwa losowa. Lopeza magawo 50, losowa kwambiri. Ndipo lopeza magawo 30 kapena kuceperapo, losaukitsitsa. Mkangano wonse uli pa manambala amenewa.

Lamulo lalikulu loyamba linaikidwa m'caka ca 1937. Boma linalipira ndarama zomangira, koma zokonzera denga ndi mipope ya madzi zinayenera kucokera m'lendi. Cifukwa cace oyang'anira anasankha mabanja okhala ndi nchito, ndipo amphawi eni-eni ambiri anatsala panja. Itatha nkhondo yaciwiri zinthu zinatembenuka: a malipiro abwino anacokamo, osauka nalowamo, lendi niceperacepera. Mumzinda wa St. Louis munali nyumba 33 zochedwa Pruitt-Igoe, iri yonse ya nsanjika 11. Zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika 1972 anayamba kuzigwetsa, mwa zina cifukwa panalibe ndarama zozisamalira. M'caka ca 1969 Senator Edward Brooke wa ku Massachusetts anapititsa lamulo lakuti lendi isapitirire magawo 25 mwa 100 a zimene banja lipeza. Mu 1981 anakweza kufika pa 30.

Apa mpamene pagawanikira anthu. Ena ati: onani Pruitt-Igoe, mukaunjika amphawi okha-okha pamodzi, nyumba ziola, sitolo zitsekedwa, ana akula osaona munthu wopita ku nchito m'mawa. Sakanizani mabanja, kuti lendi ya wopezako ithandize kusunga nyumba ya wosowa. Anzao ayankha kuti ndarama zimene zithandiza mabanja ambiri opezako zikhoza kuthandiza osaukitsitsa owerengeka okha, ndipo cifukwa ca ici andale akonda opezako, popeza ciwerengero cioneka cacikulu. Komatu amene agona m'galimoto kapena pansi pa mlatho si wa magawo 80.

Nyumba ya Malamulo yakhala ikupendekera uku ndi uko. Mu 1986 inalola kuti makampani olowetsa ndarama zao m'nyumba za lendi yotsika acepetseredwe msonkho. Njira imeneyi ndiyo yamanga nyumba zocuruka koposa zonse, koma lendi yace inayesedwa pa mabanja a magawo 50 kapena 60, ndipo kuyambira 2018 ena a magawo 80 aloledwanso. Mu 1998 inalamula kuti mwa zikalata 100 zatsopano zothandiza kulipira lendi, 75 zipite kwa osaukitsitsa. Mu 2008 inakhazikitsa thumba lapadera la anthu omwewo, koma ndarama zoyamba zinaturuka mu 2016.

Nkhaniyi ikhudza ndi aphunzitsi omwe. M'mizinda ina ya ku California mphunzitsi apeza zocuruka kotero kuti sayesedwa wosauka, koma zosakwanira kubwereka nyumba pafupi ndi sukulu yace. Akulu a masukulu a ku Santa Clara anamangira aphunzitsi ao nyumba mu 2002 pa malo a sukulu. Ife amene tidziwa kuti mphunzitsi wopanda nyumba sakhalitsa pa sukulu sitingadabwe nazo.

Ngakhale ziri tero, mukandifunsa ine, ndinena mosabisa, ngakhale mau anga alasa gulu lathu lomwe. Mphunzitsi ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ali ndi bungwe lomlankhulira, ndipo adziwa kulemba kalata yodandaula. Nkhalamba yamasiye ndi munthu wopunduka alibe zimenezi. Nyumba za aphunzitsi zimangidwe ndi ndarama za masukulu ndi za mizinda, monga anacitira a ku Santa Clara. Ndarama za ku Washington ziyambire pa a magawo 30, ndipo pamodzi ndi zomangira paikidwenso zokonzera denga caka ciri conse, zimene lamulo la 1937 linasiya.