Mtima Wolimba Umaumbidwa Pakhomo



Phiri lino la Khondowe si lachilendo ku mantha. Nkhondo za Angoni zitafika pachimake, makolo a dera lino ankabisala ndi ana awo kuphanga, kuseri kwa mathithi a Manchewe. Mu 1959, dziko litagwedezeka ndi zipolowe, ndege ya boma la atsamunda inaponya kalata yofunsa ngati amishoni akufuna kusamutsidwa. Yankho linayalidwa pa kapinga pafupi ndi Stone House: Aefeso 2:14. Akuda ndi azungu anasankha kukhalira limodzi.

Lero ana athu amaopa mdima, mayeso, kuyankha funso m'kalasi, ngakhalenso kuulula kuti munthu wamkulu wawachitira zoipa. Tisawaseke, ndipo tileke kuwaopseza ndi zilombo zausiku. Woopa mdima tituluke naye panja, nyali atanyamula yekha. Wamanyazi timpatse mpata wokamba nthano madzulo, ife tizivomera. Wobwera kudzadandaula timumvetsere mpaka amalize, osamudula pakamwa.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wamvedwa pakhomo sadzanjenjemera poyankhula pabwalo la mfumu.