Ngongole ya Mpingo kwa Okalamba Ake



Parishi ikakwanitsa zaka 100, anthu amatchula maina a ansembe amene anatumikirapo ndi matchalitchi amene anamangidwa. Nzoyenera ndithu. Koma alipo maina ena amene sanalembedwe m'buku lililonse, ngakhale eni ake akali moyo. Iwoŵa ndi agogo amene lero akhala chete pamabenchi, ndiponso anzao amene atsala kunyumba popeza miyendo yakana. Mpingo uli ndi ngongole kwa iwo, ndipo nthaŵi yoibweza yatsala pang'ono.

Ngongoleyi inayamba motere. Mu 1975, Mozambique atalandira ufulu, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishoni ambiri anachoka. Mu 1977 msonkhano waukulu wa Eklezia ku Beira unagwirizana kuti moyo wa mpingo ukhazikike pa miphakati ya m'midzi, yotsogozedwa ndi akhristu eni ake. Pambuyo pake nkhondo inafika kumapiri kuno. Pa 30 October 1985 ansembe aŵiri a chipani cha Yesu, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, pafupi ndi mishoni ya Lifidzi. Anthu ochuluka anathaŵira ku Malaŵi, makamaka ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo ambiri sanabwerere kufikira mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992.

M'zaka zimenezo midzi yambiri inkatha miyezi osaona wansembe. Amene anasonkhanitsa anthu Lamulungu, kuphunzitsa ana katekisimu, kutsogolera korona ndi kupempherera maliro, anali abambo ndi amayi wamba, khasu lili paphewa. Munthu amene anali ndi zaka 30 mu 1985, lero ali ndi zaka pafupifupi 70. Tsono okalamba a lero ndiwo anasunga moto pamene panalibe wina wousonkhezera.

Nanga iwo akukhala bwanji? Achinyamata ambiri amapita kukafuna ntchito ku Tete, ku Moatize kapena ku Joni. Otsala amatanganidwa ndi mbatatesi ku Tsangano ndi fodya ku Macanga. Agogo amatsala ndi adzukulu amasiye, denga lodontha, ndi chisanu cha June ndi July chimene chimaloŵa m'mafupa. Chopweteka koposa nchakuti mwana akamwalira mwadzidzidzi, kapena malonda akalephereka, chala chimaloza nkhalamba kuti ndi mfiti. Mayi amene anabereka mwana kumsana kuwoloka naye malire usiku, lero mwana yemweyo amamuwopa ndi kumusala. Tchimo limeneli limachitika ngakhale m'nyumba za anthu obatizidwa.

Boma lili ndi gawo lake. Lamulo la nambala 3 la chaka cha 2014 limateteza ufulu wa anthu a zaka 60 ndi kupitirira, ndipo bungwe la INAS limapereka ndalama pang'ono kwa okalamba osauka. Koma lamulo silitunga madzi, silifolera nyumba, silicheza ndi munthu madzulo. Zimenezi ndi ntchito za mphakati.

Choyamba, mphakati uliwonse udziŵe okalamba ake ndi maina ao, makamaka okhala okha, ndipo udziŵitse wansembe za odwala kuti alandire Ukaristia kunyumba. Chachiŵiri, achinyamata apatule tsiku limodzi pamwezi lokatola nkhuni, kupalira munda, kapena kukonza denga mvula isanagwe, ndiponso kuperekeza agogo kuchipatala ndi kokatenga chitupa. Chachitatu, ana a katekisimu asaphunzire m'buku mokha: akhale pamphasa ndi agogo, afunse za masiku a nkhondo, za mapemphero a kumisasa ya othaŵa, za maina a amene anafera m'njira, ndipo odziŵa kulemba alembe. Mau a akulu akoma akagonera, koma akapanda womvera amapita kumanda pamodzi ndi mwini wake. Chachinayi, nkhalamba ikanamiziridwa ufiti, akhristu asakhale chete. Atsogoleri a mphakati apite kwa mfumu tsiku lomwelo, ndipo aime pambali pa wonamiziridwayo poyera.

Kucheza kumeneku sikupindulira okalamba okha. Mnyamata amene wamva m'mene agogo ake anayambiranso munda pabwinja, opanda mbeu ndi chiŵeto, sataya mtima msanga zokolola zikavuta. Mtsikana amene waphunzira nyimbo zakale za Misa kwa agogo ake amadziŵa kuti chikhulupiriro chake chili ndi mizu m'nthaka yomweino.

Mu 2021 Papa Francisko anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la July, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna oyera, agogo ake a Yesu. Parishi ilisunge tsikulo, koma isadikire July kuti iyambe. Chikondwerero chino chikatha, nyimbo zikaleka, alipo agogo amene amva ng'oma ali pakhomo pao osatha kubwera. Ulendo woyamba wa zaka 100 zatsopano ukhale wopita kwa iwo.

Mulungu adalitse okalamba, adalitsenso manja amene adzawasamala.