Sikelo M'khola la Anapiye: Mawu kwa Alangizi a ku Honde Valley ndi Chipinge

Wothyola tiyi ku Eastern Highlands Plantations ku Honde Valley, kapena ku Ratelshoek ndi Jersey, minda ya kampani ya Tanganda ku Chipinge, salimbana ndi kapitawo pa za kulemera kwa masamba ake, pakuti sikelo ndiyo imaweruza. Koma munthu yemweyo akafika pakhomo, anapiye amene anagula ndi malipiro ake amangowayeza ndi maso. Udindo wa mlangizi ndi kufikitsa mwambo wa sikelowu kukhola.

M'makomboni a m'mindayi, momwe muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, nkhuku za nyama zimathandiza m'miyezi yozizira pamene masamba achepa ndipo ganyu yasowa. Chakudya chokha chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a ndalama zoweterazo. Nkhuku ikachedwa kukula ndi sabata imodzi, phindu limathera m'thumba la chakudya.

Kayezedwe kake

Mlimi ayeze anapiye tsiku lomwe afika, kenaka masiku 7 aliwonse, pa nthawi yofanana. Mwanapiye wa tsiku limodzi wa mtundu wa Cobb 500 kapena Ross 308 amalemera pafupifupi magalamu 40 mpaka 45, choncho sikelo yolendewera siingamuyeze bwino payekha. Mlimi ayambe wayeza ndowa yopanda kanthu, ndipo aikemo anapiye 10. Ngati ndowa ilemera magalamu 500, ndipo pamodzi ndi anapiye zakwana 2,300, ndiye kuti anapiyewo ndi magalamu 1,800, aliyense 180.

Anapiye oyezedwawo atengedwe m'ngodya zosiyanasiyana za khola. Amene amagwidwa msanga kawirikawiri amakhala ofooka, ndipo mlimi akasankha onenepa okha adzinamiza yekha. Zotsatira zilembedwe m'kope pamodzi ndi tsiku, chakudya chimene chadyedwa ndi chiwerengero cha anapiye amene afa.

M'mera mpoyamba

Muyezo wofunika koposa ndi wa tsiku la 7. Pofika tsikuli mwanapiye ayenera kulemera kanayi kapena kuposerapo poyerekeza ndi tsiku lomwe anafika. Akatero, pa masabata 5 kapena 6 amatha kufika makilogalamu 2. Akaperewera, mlangizi afufuze zinthu izi mlimi asanathamangire kukagula mankhwala.

Choyamba ndi kutentha. Masiku oyamba anapiye amafuna madigiri 32 kapena 33. Kumtunda kwa Chipinge, mu June ndi July, nkhungu ndi chisanu zimachititsa anapiye kuunjikana pamodzi, ndipo chakudya chimene adya chimathera pofunditsa thupi m'malo momanga mnofu. Ku Honde Valley vuto lalikulu ndi kutentha ndi chinyezi cha m'chigwa, zimene zimachepetsa chilakolako cha kudya pa nkhuku zokulirapo.

Chachiwiri ndi chakudya ndi madzi. Pakatha maola 24 anapiye atafika, mlimi akhudze chithokomiro, kathumba kapakhosi kosungira chakudya. Pa anapiye 20 aliwonse, 19 akhale ndi chithokomiro chodzaza ndi chofewa. Chikakhala cholimba ndiye kuti madzi akuchepa.

Chachitatu ndi malo. Ngati ena akula kwambiri pamene ena apinimbira, ndiye kuti modyera mwachepa ndipo amphamvu akupondereza anzawo. Aang'onowo apatulidwe kuti adye paokha. Zonsezi zikakhala bwino koma kukula kwaima, mlimi aitane mlangizi wa ziweto msanga, popeza chitopa ndi Gumboro sizidikira.

Kusankha nkhuku za mbewu

Nkhuku za Cobb ndi Ross ndi za haibulidi, ndipo siziyenera kusungidwa kuti zibereke. Ana ake sakula mofanana. Koma kwa woweta nkhuku zachikuda, sikelo ndiyo imasankha mbewu. Anapiye obadwa pamodzi ayezedwe pa masabata 8 ndi 12, ndipo okula msanga amangidwe kansalu kumwendo. Ambiri amagulitsa tambala wamkulu chifukwa cha mtengo wake, nasiya wonyentchera kuti abereke. Khola lotero limabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka.

Mlangizi akafika pakhomo la mlimi, asakhutire ndi mawu oti "zikukula bwino". Apemphe kuona kope, ndipo ngati palibe, ayambe tsiku lomwelo kuyeza pamodzi ndi mlimiyo.