Akatswiri a Madimba a ku America ndi Nchito Zao za Caka Conse

Nkhani ya madzulo ano ndi ya anthu a ku America amene agwira nchito ya ulangizi wa m'madimba popanda kulandira malipiro. Dzina lao pa Cingerezi ndi Master Gardener, ndiko kunena katswiri wa za m'dimba. Iwowa si anchito a boma ai. Ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena amisiri, ndipo ambiri ndi acikulire amene anapuma pa nchito. Cimene ciwagwirizanitsa ndi pangano limodzi: sukulu ya ukacenjede iwaphunzitsa za nthaka, za mbeu ndi za tizirombo, ndipo iwo abweza mangawa a maphunzirowo pothandiza anansi ao. Omvera a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe adziwa bwino kuti mlimi amene walandira uphungu mocedwa, kapena uphungu wolakwa, ataya caka cathunthu, pakuti nyengo yobzala ikapita yapita. Cifukwa cace nkoyenera kumva m'mene anthu amenewa alinganizira nchito zao ndi nyengo.

Ulangizi wa zaulimi ku United States unakhazikika ndi lamulo la Smith-Lever la m'caka ca 1914. Mwa lamulo limeneli, masukulu a ukacenjede ophunzitsa zaulimi anayamba kukhala ndi alangizi m'maboma, oti azifikitsa kwa alimi nzeru zimene akatswiri apeza pofufuza. Poyamba alangiziwo anali kuthandiza makamaka alimi a kumidzi. Koma pofika zaka za m'ma 1970 anthu a m'mizinda anakonda kwambiri kulima ndiwo ndi maluwa kuseri kwa nyumba zao, ndipo mafunso ao anaculuka. M'cigawo ca Washington, kumpoto cakumadzulo kwa dzikolo, m'maboma a King ndi Pierce m'mene muli mizinda ya Seattle ndi Tacoma, alangizi awiri, David Gibby ndi William Scheer, analephera kuyankha onse oimba lamya. Anayesa kulankhula pa wailesi ndi kulemba m'manyuzi, koma mwa kutero anthu ambiri anadziwa kumene kuli alangizi, ndipo mafunso anangoonjezeka.

Apo anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Anaganiza zosankha anthu odziwa kale kulima, kuwaphunzitsa mokwanira, ndi kuwatuma kukayankha anzao m'dzina la sukulu ya Washington State University. M'caka ca 1972 anayesa kuika thebulo la mafunso m'nyumba yaikulu ya masitolo ku Tacoma, ndipo anthu anabwera ndi mbeu zao zodwala. M'caka ca 1973 anthu pafupi-fupi 200 analandira maphunziro oyamba. Dzinalo analitenga ku Germany, kumene alangizi awiriwa anakhalako kale, ndi kumene mmisiri wa za m'dimba amene wafika pamwamba pa luso lace achedwa Gartenmeister. Lero magulu otere apezeka pafupi-fupi m'zigawo zonse za United States, m'zigawo zina za Canada, ndiponso ku South Korea.

Kuti nchito zao zimveke bwino, nkofunika kukumbukira kuti nyengo za kumeneko zisemphana ndi za kuno. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene cimanga ciri kukula ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Mutare, ku Washington kuzizira kwambiri, dzuwa lilowa msanga, ndipo mitengo yambiri ikhala yoyoyoka masamba. Kuyambira Malici kufikira Meyi nthaka ifunda ndipo anthu abzala. Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi yotentha, ndipo Sepitembala kufikira Novembala ndiyo nthawi yokolola ndi yokonzekera kuzizira. Nyengo iri yonse mwa zinaizi iri ndi nchito yace.

Nyengo yozizira, pamene m'dimba mulibe cocita cambiri, ndiyo nyengo ya sukulu. M'maboma ambiri ophunzira atsopano asonkhana sabata ndi sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu, ena m'nyumba yophunziriramo, ena pa intaneti. Aphunzira m'mene mbeu imwera madzi ndi kupangira cakudya cace, mitundu ya nthaka ndi manyowa, matenda a mbeu, tizirombo toononga ndi tothandiza, udzu woipa, mitengo ya zipatso, ndi kasamalidwe ka mankhwala ophera tizirombo. Maphunzirowo kawiri-kawiri atenga maola 40 kapena kuposerapo, ndipo pali mayeso. Wopambana mayeso sacedwa katswiri nthawi yomweyo. Ayenera kuyamba watumikira anthu maola owerengeka, pafupi ndi anzace akale, ndipo pambuyo pace alandira dzina ndi baji. Akale nao sakhala cabe m'miyezi imeneyi. Cakumapeto kwa nyengoyi, mitengo isanaphuke, aitana anthu kudzaona kaduliridwe ka nthambi za maapozi ndi mapeyala, pakuti mtengo ukakhala wopanda masamba nthambi zakufa ndi zopingasa zioneka poyera. Alangizanso anthu kuti atumize nthaka yao kukayesedwa asanagule feteleza, kuti asataye ndalama pa cinthu cimene nthakayo iri naco kale.

Kukayamba kufunda, nchito isamukira m'nyumba za magalasi. Kumeneko afesa matimati, tsabola, kabici ndi maluwa m'timiphika tambiri-mbiri, ndipo m'mwezi wa Epulo kapena Meyi magulu ambiri acita tsiku logulitsa mbande. Ndalama zace sizigawidwa kwa anthu ai; zigula mabuku, zida, ndi zofunika m'madimba acitsanzo ndi m'madimba a ana a sukulu. Tsikuli lipatsanso mpata wophunzitsa, cifukwa wogula mbande ali yense acoka atauzidwa poibzala ndi nthawi yoiokera. Funso lalikulu la nyengo imeneyi ndi la cisanu. Dzuwa likawala masiku owerengeka mu Epulo, munthu wosazolowera athamangira kuokera matimati ace panja, ndipo usiku umodzi wa cisanu uwapha onse. Cifukwa cace akatswiri a madimba a ku Seattle ndi ku Tacoma auza anthu kuti nsawawa, letesi ndi anyezi zipirira kuzizira ndipo zingabzalidwe msanga, koma matimati, maungu ndi nyemba ziyembekeze kufikira pakati pa Meyi kapena kupitirira. Kwa ofuna mitengo ndi maluwa okhala zaka zambiri, awaonetsa mapu a unduna wa zaulimi wa dzikolo, amene anakonzedwanso m'caka ca 2023, osonyeza kukula kwa kuzizira kwa dera liri lonse.

Mdani wina wa nyengo yobzala kumadzulo kwa Washington ndi nkhono zopanda cigoba, zimene zikonda cinyontho ndipo zimaliza mbande usiku umodzi. Pano uphungu wabwino upulumutsa zoposa ndiwo zokha, pakuti mankhwala ena ophera nkhonozi aphanso agalu akawadya. Motero anthu alangizidwa kuyamba ndi njira zosaopsa, monga kuzitola usiku ndi nyali, kuzichera ndi thabwa limene zibisala pansi pace, ndi kucotsa zinyalala pafupi ndi mbande.

Miyezi yotentha ndiyo ya nchito yochuka koposa zonse, imene iwo aiyerekeza ndi cipatala ca mbeu. Anthu awiri kapena atatu aika thebulo pamsika wa alimi, pakhomo pa sitolo ya mbeu, kapena m'nyumba yowerengeramo mabuku, ndipo ali yense abwera ndi tsamba lofota, cipatso cobvunda kapena kacirombo m'botolo. Katswiri weni-weni sathamangira kuyankha. Ayamba wafunsa kuti mbeuyo ndi ya mtundu wanji, inabzalidwa liti, ithiriridwa kangati, ndipo yapoperedwa ciani. Atero cifukwa mabvuto ambiri a m'dimba sacokera kwa tizirombo, koma ku madzi ocepa kapena oculuka, ku mthunzi, kapena ku kubzala mozama. Citsanzo cace ndi matimati amene ada ndi kubvunda kunsi kwace. Mwini wace aganiza kuti ndi matenda ndipo afuna mankhwala, pamene bvuto kawiri-kawiri ndi lakuti nthaka iuma ndi kunyowa mosinthana, kotero kuti cipatso cilephera kulandira mcere wa kashiamu wokwanira. Mankhwala ophera tizirombo sangathandize. Cofunika ndi kuthirira mofanana ndi kuphimbira nthaka ndi udzu, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti pamene mvula icepa kwambiri m'deralo.

Pa thebulo limeneli pali malamulo amene asunga mbiri ya gulu lonse. Katswiri saloledwa kulangiza za m'mutu mwace kapena zimene anamva kwa mnansi. Anena zokha-zokha zimene sukulu ya ukacenjede yayesa ndi kubvomereza. Akachula mankhwala, ayenera kutsata zolembedwa pa botolo, ndi kucenjeza kuti mbeu isapoperedwe iri pa maluwa, kuopa kupha njuci. Saloledwa kugwiritsa nchito dzina la ukatswiri pokopa malonda ace. Mafunso a alimi a malonda awapereka kwa mlangizi wa boma. Ndipo cikamkanika, aphunzitsidwa kunena poyera kuti akafufuza kaye, nasunga tsambalo, nakafunsa akulu ace kapena kulitumiza kwa oyesa matenda a mbeu. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo mau amenewa akhudza wolangiza monga momwe akhudzira wolangizidwa.

M'miyezi yomweyi madimba acitsanzo akhala otsegukira ali yense, kuti munthu aone ndi maso ace kusiyana kwa mbeu yophimbiridwa ndi yosaphimbiridwa, kapena kapangidwe ka manyowa a kompositi. Ndiwo zocokera m'madimbawa kawiri-kawiri ziyesedwa pa sikelo ndi kuperekedwa ku nyumba zogawira cakudya kwa osowa, pakuti ngakhale ku America alipo mabanja ogona ndi njala. Mwambo wolimira osauka mzere umodzi m'dimba unafalitsidwa kuyambira m'caka ca 1995 ndi bungwe la olemba nkhani za madimba, pa dzina lakuti Plant a Row for the Hungry, ndipo magulu ambiri a akatswiri a madimba autsata.

Mvula ikayamba kubweranso mu Sepitembala, abwera nayo matenda a ciwau ca matimati ndi mbatata ya kacewere, omwe aja anagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira m'caka ca 1845. Anthu alangizidwa kuchinjiriza matimati ku mvula, kukolola msanga, ndi kucotsa mbeu zodwala m'dimba. Mwezi womwewo kucitika cionetsero cacikulu ca zaulimi ku Puyallup, ndipo m'zionetsero zotere akatswiri a madimba akhala ndi malo ao oyankhira mafunso. Mu Okutobala aphunzitsa kubzala adyo, amene agona m'nthaka nyengo yonse yozizira nakololedwa m'miyezi yotentha ya caka cotsatira. Aphunzitsa kuunjika masamba oyoyoka kuti asanduke manyowa, kusunga mbeu, ndi kufesa mbeu zophimba nthaka kuti mvula isaikokolole. M'zigawo zina nyengoyi iri ndi nchito yapadera. Ku Pennsylvania, kumene kacirombo kacilendo kochedwa spotted lanternfly kanapezeka koyamba m'caka ca 2014, akatswiri a madimba aonetsa anthu mazira ace amene kamata pa mitengo ndi pa miyala, kuti awapale ndi kuwaononga asanaswe, pakuti kacirombo kameneka kaopseza minda ya mphesa. Pomaliza, munthu ali yense apereka ciwerengero ca maola amene watumikira ndi amene waphunzira m'cakaco. Wosakwanitsa sapitiriza kukhala nalo dzinalo. Pamenepo mlangizi ayamba kulandira maina a ofuna kuphunzira mu Januwale.

Omvera acikulire akamva dzinali akumbuka la Master Farmer. Ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi Zimbabwe, boma linalemba nchito Emory Alvord, mmishonale wa ku America, m'caka ca 1926 kuti atsogolere maphunziro a ulimi pakati pa anthu akuda, ndipo pambuyo pace alimi opambana anayamba kulandira setifiketi ya dzina limeneli. Ku Nyasaland kunalinso dongosolo lotere m'zaka za m'ma 1950, ndipo Malawi atalandira ufulu kunabwera Acikumbe. Koma pali kusiyana kofunika. Master Farmer analemekezedwa cifukwa ca munda wace, pamene Master Gardener asunga dzina lace cifukwa ca madimba a anthu ena. Ndiponso ulangizi wa nthawi ya atsamunda unayendera pamodzi ndi malamulo a malimidwe, amene anakakamiza anthu ndi zindapusa ndi ndende, ndipo anthu ambiri anaida ndi nzeru yomwe cifukwa ca cikakamizoco. Pa thebulo la ku Tacoma palibe amene akokedwa. Munthu abwera yekha, pa nthawi imene bvuto liri m'manja mwace.

Masiku ano m'midzi yambiri ya ku Malawi ndi ku Zambia muli alimi otsogolera, amene aphunzitsidwa ndi alangizi kuti athandize anzao popanda malipiro. Iwowa ndi makalabu a madimba angathe kutolapo zinthu zitatu pa nkhaniyi. Coyamba, aphunzire pa nthawi imene makasu apuma, kuti yankho likhale lokonzeka funso lisanafike. Caciwiri, akhale ndi tsiku ndi malo odziwika, pamsika kapena pasukulu, pamene munthu angabweretse tsamba lace lodwala. Cacitatu, asacite manyazi kubweza funso lobvuta kwa mlangizi wa boma, pakuti dimba la mnansi ndilo ndiwo za ana ace ndi ndalama za sukulu yao. Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa.